Wa Kumanzere kwa Bolodi

Atate anapalasa njinga kuchokera ku Zemba mpaka pa boma kudzangoyankha funso limodzi. Ine ndinali pafupi kukwatiwa ndi mphunzitsi wina wa mpingo wa chipentekoste, ndipo ndinapempha chinthu chimodzi chokha, chakuti atate adzapemphere pa ukwati wanga. Anali mkulu wa mpingo wathu wakale wa amishoni, munthu woti Baibulo lake linachita kusupuka chikuto chifukwa chowerenga.

Abusa a kwa mwamunayo anati ayambe awaona kaye, ndipo ine ndinawaperekeza atatewo. Mu ofesi mwawo munali bolodi, pakati atalemba mzere wa choko. Kumanja kunali mipingo yokhulupirira kuti m'Baibulo mulibe cholakwika ngakhale chimodzi, kumanzere imene iwo ankaitcha yofunda. Wathu unali kumanzere, koma anati munthu angathe kudziombola ndi pakamwa pake.

"Akulu, m'Baibulo muli cholakwika kapena mulibe?"

Akanangoti mulibe, bwenzi zitathera pomwepo. Koma atatewo, iii, bodza ndiye ayi. Anati, "Abusa, uja anapereka Ambuye, pena akuti anadzimangirira, pena akuti anagwa chamutu n'kuphulika. Ndawerenga ponse pawiri chiyambire unyamata wanga. Sindinathe kuzigwirizanitsa, koma chikhulupiriro changa sichinasunthe."

Abusa anangoti, "Mwadzimvera nokha," uku akusasa choko m'manja. Pa guwa lawo, akuti, sipakwera munthu wokayika.

Atate anatembenukira kwa ine. Apa ndiye pamandiwawa mpaka lero. Ndinazolika, ine mwana wawo, amene ndinaphunzira kuwerenga pa Baibulo lomwelo. Ukwati ndinkaufuna, ndisaname.

Tsiku la ukwatilo anapemphera ndi mkulu wina wogulitsa matayala, amene anakuwa mpaka maikolofoni kulira, vesi n'kuliphonyanso. Zamanyazi! Atate anakhala pa benchi yachitatu, jekete lawo atalisita bwinobwino, ndipo anati ameni pamodzi ndi anthu onse.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Masiku ano akabwera kudzatenga mankhwala ku kiliniki amagona kwathu, ndipo tikakhala pa tebulo ndimawapempha kuti adalitse chakudya. Amavula chipewa, n'kuchiika pabondo.

"Pemphera ndiwe, mama. Ine ndine wa kumanzere."

Ana anga amaseka, amayesa nthabwala za agogo.