Mayi Amene Ankawerenga Matumba

Mpaka lero Kalaliki amavomera kuti pali chinthu chimodzi chimene sanachimvetse pa Nasimbi: mayi woona ana ake maola awiri okha pa tsiku ankawadziwa bwanji kuposa anthu oswera nawo? Anakhala naye pafupi zaka khumi ndi chimodzi, kuntchito ndi kunyumba komwe, koma anangoona mbali imodzi ya yankho. Mbali inayo inapita ndi mwini wake.

Onse awiri ankagwira ntchito pamalo ochapira zovala, kumapeto kwa msewu umene unali ndi nyumba yosanja imene ankachitamo lendi, zitseko zawo zitayang'anizana. Kalaliki ankakhala pa kauntala, kulandira zovala ndi kuzibaya nambala ndi kapini. Anali munthu wa sukulu ya mishoni, wa zilembo zowongoka, woumira pa kuyamika. Chinthu chikamukondweretsa kwambiri ankangoti, "Sizoipa." Nasimbi ankaima kuseri, m'chipinda cha nthunzi, pa tebulo lachitatu. Dzinalo anamupatsa ndi anzake chifukwa cha simbi imene sinkachoka m'dzanja lake, ndipo linamera mizu mpaka ana ake ankaliyesa lobadwa nalo.

Pamalopo panali lamulo loposa onse: chovala chisalowe m'makina munthu asanapise m'matumba mwake. Cholembera chimodzi chinathimbiriritsapo malaya oyera makumi anayi, ndiye kuyambira pamenepo ntchito yopisayo anaipatsa Nasimbi, m'mawa uliwonse asanayatse simbi. Zala zake zinkafika pakona pa thumba pamene mwini wake sanafikepo chigulireni chovalacho. Chopezekamo, kaya ndi ndolo, kaya kiyi, kaya kakalata kosayenera kuonedwa ndi mkazi wa mwini jekete, ankachiika mu envulopu, Kalaliki n'kulembapo nambala, n'kuibaya pa chovala. Nasimbi sankanenapo kanthu. Ankadziwa za theka la anthu a mumsewumo, koma ankawapatsa moni ngati sadziwa.

Ana anali atatu, onse aamuna. Wachisamba, wa zaka khumi, ankamutcha Loya, chifukwa ngakhale umupeze ndi shuga pamlomo ankafuna mboni. Wapakati, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali Kafumbi, ndipo aliyense womuona akuchokera kusukulu sankafunsa chifukwa chake. Wotsiriza ankangoti Mzime. Bambo wawo anachoka Mzime ali m'mimba, ati akukafuna ntchito, ndipo zikuoneka kuti ntchitoyo inali kutali.

Tsiku la Nasimbi linkayamba ndi malaya atatu ang'onoang'ono, pakuti ankati wosita za anthu ana ake sayenda ndi makwinya. Kenako ankacheka buledi patatu, Loya ali pambali kuyeza ndi chala. Ankamuveka Loyayo kiyi wa pachingwe m'khosi, n'kukumbutsa Kafumbi ntchito yake, yokatenga Mzime kusukulu ya mkaka masana ndi kumuwolotsa pamsewu waukulu atamugwira dzanja. Akatero ankatsika masitepe akumanga mpango kumutu, tiyi wake atamusiya theka.

Madzulo ankabwera nsapato zili m'manja chifukwa mapazi atupa. Sankafunsa ana kuti aswera bwanji. Ankati funso limenelo mwana wamwamuna amaliyankha ndi liwu limodzi, ndipo liwulo ndi bodza. Ankangogogoda patebulo kawiri. Anyamata ankandanda, wamkulu patsogolo, n'kutembenuza matumba a makabudula mpaka atalendewera ngati malilime a agalu. Zonse zinkagwera patebulo, mayi n'kuyamba kuwerenga.

Kachidutswa ka choko kanatanthauza kuti Loya watsalira kusesa m'kalasi, ndiye kuti walongolola ndi aphunzitsi. Mchenga wakuda wonyowa unatanthauza ngalande imene anawaletsa. Batani losakhala la malaya awo linali ndewu, ndipo pamenepo Nasimbi ankangofunsa ngati mwini bataniyo akadali ndi mano onse, kenako n'kutulutsa singano kuti wothothola akalisokerere yekha mawa. Mzime ankatulutsa timiyala, ndipo kamwala kalikonse kanali ndi dzina, mayi ankayenera kukapatsa moni. Akamaliza, chilichonse chinkabwerera kwa mwini wake, kupatula zopuma.

Tsiku lina Loya anakana. Ananena kuti thumba ndi nyumba ya munthu, ndipo m'nyumba ya munthu salowa osaodira.

"Odi," anatero Nasimbi, dzanja lili kale m'kati. "Komanso, a Loya, nyumbayi ndinasoka ndine. Inu ndinu alendi."

Kalaliki ankaziona izi chifukwa Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse ankawoloka kakhonde kuja kukathandiza Loya masamu. Analipo tsiku limene chule anatuluka m'thumba la Kafumbi n'kukatera pakati pa samu yogawa. Analiponso masiku amene mayi uja, maso akulemera, ankanyamula kachingwe kopanda ntchito n'kufunsa mofatsa amene waphunzitsa mwana wake mfundo yotere, mwana n'kumasuka kufotokoza tsiku lonse, kuyambira pageti mpaka pamasitepe. Kalaliki, amene sanalerepo ngakhale mphaka, ankabwerera kuchipinda kwake ngati wochokera ku mapemphero. Kangapo konse anafuna kumuyamika mayiyo, koma ankangotsanzika. Anaphunzitsidwa kuti kuyamika munthu pamaso kumamuwononga.

Ndiye panafika sabata imene matumba a Kafumbi anatuluka opanda kanthu. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Ngakhale fumbi limene linamupatsa dzina munalibe. Nasimbi sanamufunse. Anangouza Kalaliki kuntchito kuti thumba la mwana wa msinkhu umenewo silikhala lopanda kanthu lokha, ndipo likatero ndiye kuti lakhuthulidwa pamasitepe.

Lamlungu akusita kabudula wa mwanayo, simbi inakhumudwa pa kanthu kolimba mumpendero. Thumba linali ndi kabowo. Anatumbula msoko n'kutulutsa pepala la switi, lopindidwa motalika n'kumangidwa mfundo yothina pakati. Lolemba analiika pa kauntala pamaso pa Kalaliki, nanena kuti mfundo zotere anazichotsa m'matumba zaka zisanu ndi zitatu, ndipo munthu wozimanga akumudziwa mmodzi yekha. Bambo wa ana anali atabwera, ndipo ankakumana ndi Kafumbi pageti la sukulu.

Sanachedwe kudzionetsa. Lachiwiri m'mawa analowa pamalo ochapira paja, wonenepa bwino, suti yotuwa ili pamkono, n'kuuza Kalaliki kuti akufuna isitidwe ndi wa tebulo lachitatu, osati wina. Nasimbi atatuluka m'nthunzi muja, mwamunayo analankhula ngati wachifundo. Ati sanabwerere ndewu. Ati ali ndi nyumba ya mpanda, koma mkazi amene ali naye sakubereka, ndipo wapakatiyo ndi nkhope yake yeniyeni. Ati mwana wamwamuna saleredwa ndi kiyi wa m'khosi.

"Ndikukusiyira awiri, iwe, ndikungotenga mmodzi. Uganize bwino, palibe changu. Ngakhale chaka chamawa."

"Ana anga si buledi, sindiwacheka," anayankha Nasimbi. "Suti yanu mudzatenge Lachisanu masana."

Mwamunayo anatuluka akumwetulira. Zaka zonse za ukwati wawo sanakhuthulepo thumba lake, pakuti panali womukhuthulira, ndipo khalidwe limenelo anali nalobe. Nasimbi anayala jekete pa kauntala monga mwa lamulo, napisa kunja, napisa m'kati, mpaka m'kathumba kakang'ono ka pachifuwa. Munali matikiti awiri a basi yoyamba ya Loweruka lomwelo, ya wamkulu ndi ya mwana, onse opita okha.

Kalaliki nayenso anawaona matikitiwo. Koma mayiyo anatenga envulopu, naikamo matikiti, namupatsa kuti alembepo nambala. Kalaliki anadzipereka kulemba kalata ku ofesi yoona za ana, ya mawu amphamvu, tsiku lomwelo. Nasimbi anathokoza, nati kalatayo idzayankhidwa ndithu, koma basi ya Loweruka siidikira yankho, ndipo Loweruka likakanika pali Lolemba. Geti la sukulu mwamunayo akulidziwa, pamene iye ali pa simbi mpaka sikisi koloko. Sangalondere mwana ndi simbi m'manja. Atatero anabwerera kuseri, ndipo suti ija anaisita bwino kuposa zonse za tsikulo.

Madzulo ake linali tsiku la masamu, ndiye Kalaliki analipo. Nasimbi anagogoda patebulo, ana n'kundanda, koma iye anawauza kuti lero ayamba ndi iye. Anatembenuza thumba la epuloni yake, chinthu chimene ana anali asanachionepo. Munatuluka dzino la mkaka lokulunga m'kansalu, kapepala kakale kamene Loya analembapo dzina lake koyamba, ndi kamwala kamene Mzime anakazindikira nthawi yomweyo n'kukatchula dzina. Pomaliza inagwa mfundo ya pepala la switi.

Kafumbi anaiyang'ana. Nkhani inatuluka yosakanikirana ndi mamina. Bambo uja anamuuza kuti Loweruka akaone sitima za pamadzi, abwerako madzulo omwewo, koma asauze munthu chifukwa mipando ndi yochepa. Nasimbi sananyoze bambo wa mwanayo ngakhale ndi liwu limodzi. Anamukhazika pamiyendo yotupa ija n'kumuuza zoona zake, kuti bambo ake akumufuna ndithu, zimenezo si bodza, ndipo kumeneko kuli bedi lakelake ndi nsapato zatsopano, koma tikiti yobwerera palibe.

"Ukafuna kupita, mwanawe, undiuze pano. Malaya ndikusitira ndekha."

Loya, kwa nthawi yoyamba chibadwireni, analibe mlandu woimira. Kafumbi anapukuta mphuno ndi mkono, nayang'ana mng'ono wake amene anali kalikiliki kundandika timiyala.

"Nanga Mzime azimuwolotsa ndani pamsewu, amama?"

Kenako anawerama, navula sokosi, nakhuthula maswiti onse amene anapatsidwa masiku aja. Anali atadya limodzi lokha. Enawo ankadikira tsiku limene adzapeze bodza labwino logawira anzake. Kalaliki anatseka buku la masamu n'kutuluka osatsanzika, pakuti maso ake anayamba kuchita zimene sanawatume.

Lachitatu ndi Lachinayi Nasimbi anagwira ntchito ngati kale, kupatula kuti anaphunzitsa mtsikana wa tebulo lachiwiri kupisa pakona pa thumba ndi zala ziwiri. Bwana wa pamalopo atamva kuti akusiya ntchito, anamulonjeza tebulo la pawindo, limene analipempha zaka zisanu. Iye anangoseka pang'ono. Kwa Kalaliki anapempha chinthu chimodzi, kalata yomuchitira umboni kwa amene angadzamulembe ntchito. Anafunanso kumuuza kumene akupita, kuti mwina tsiku lina adzamve za masamu a Loya. Kalaliki anakweza dzanja.

"Musandiuze, mayi. Munthu uja adzandifunsa, ndipo ine kunama sinditha."

Kalatayo inamuvuta kuposa zonse zimene analembapo. Anang'amba mapepala anayi, chifukwa lililonse linkaoneka ngati likukokomeza, ngakhale munalibe bodza. Pepala lachisanu linatsala ndi mizere iwiri: kuti pa zaka khumi ndi chimodzi mayiyu sanatenthepo chovala cha munthu, ndipo chimene anachipeza m'thumba la wina sichinasowepo, kapena kumveka pakamwa pake. Pansi pake anawonjezera, dzanja likukana, kuti ana ake atatu ndi oleredwa. Nasimbi anawerenga ataimirira pakhonde, napinda kalatayo, naiika m'thumba la epuloni, pamodzi ndi dzino lija.

"Sizoipa, a Kalaliki," anatero.

Suti yotuwa inali itapachikidwa kale kuntchito, envulopu ya matikiti ili pakolala, kudikira mwini wake masana. Iye adzafunsa, adzamenya kauntala, ndipo Kalaliki adzamuyankha zoona zokhazokha.

Nasimbi anatsika masitepe ndi ana ake Lachisanu m'mawa, nthawi imene ankatsikira masiku onse, kotero kuti oyandikana nawo pomva mapazi anayesa akupita kuntchito. Malaya atatu aja anali osita, mizere ili chilili. Loya anasenza chikwama chachikulu, navula kiyi m'khosi n'kumupatsa Kalaliki kuti akabweze kwa mwini nyumba, atamuuza kuti pakufunika siginecha. Kafumbi anagwira Mzime dzanja, matumba ake atatukumuka kale ndi zimene anatola pamasitepe. Mayi anali pambuyo pawo, mtolo wa zofunda kumutu, simbi yake ya kunyumba ili m'dzanja, chingwe atachikulunga pamkono.

Kalaliki anawaperekeza mpaka pakhomo la pansi. Mzime anabwerera pang'ono, naponya kamwala m'thumba la jekete yake, namuuza dzina lake, n'kuthamangira dzanja la mkulu wake. Kumapeto kwa msewuwo njira inagawikana, ina yopita kokwerera basi, ina ku siteshoni ya sitima. Atatsala pang'ono kufika pamphambanopo, Kalaliki anatembenukira kukhoma, nawerenga njerwa mpaka makumi asanu. Pocheuka anapeza msewu uli ndi anthu ena.