Tinkaseka phiri la atate

Lachiwiri ndinakwera minibasi ya ku Chifubu. Mayi amene ndinakhala naye pampando umodzi anali kuonetsa mnzake zithunzi pafoni. Ine ndi maso anga osamva, ndinasuzumira. Udzu woyera mbee ngati wathiridwa ufa, mitambo ili kunsi kwa anthu.

"Ndi ku Ulaya kumeneko, amayi?" ndinafunsa.

"Ulaya wa chiyani? Ndi pa Mulanje apa, ku Malawi. Mwezi wa Juni madzi amagona m'ndowa n'kudzuka ali mwala."



Atate anga anachokera kumeneko ali mnyamata kudzagwira ntchito mumgodi. Asanabwere ankasenza matabwa a mkungudza kutsika nawo m'phirimo. Kwathu ku Wusakile, mu Kitwe, ankatiuza zomwezi: kuti ukamakwera mitengo imatha, pamatsala udzu ndi miyala, kuti nkhungu imatseka njira dzuwa lili pamutu, kuti nsonga yake, Sapitwa, ankaiopa ngakhale amuna amphamvu.

Ife tinkafa ndi kuseka. Ana a pamgodi, phiri lomwe tinkalidziwa linali mulu wakuda wa zotsalira za kopa, wotentha ngati mbaula. Mkulu wanga ankawayankha m'Chibemba kuti, "Ubufi, batata! Bodza limenelo! Pamwamba ndi pafupi ndi dzuwa, pangazizire bwanji?"

Atate anasiya kukamba. Sitinazindikire n'komwe kuti asiya.

Kodi ndi nyumba yathu yokha? Tifunseni za shafuti iliyonse ya mgodi mu Kitwe, tikuuzani. Tifunseni kwawo kwa makolo athu, timangoti "kum'mawa," kwinaku tikuloza ndi mlomo.

Madzulo ake ndinapita kwa mlongo wanga, amene amasunga atate. Atate akalamba, mutu wayamba kuwathawa, ndipo chaka chino akungonena kuti akamwalira tikawaike kwawo. Palibe mmodzi wa ife amene akudziwa dzina la mudziwo.

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Atate, munkanena zoona. Chisanu chija ndachiona."

Anamwetulira. "Kumazizira, mwana wanga. Zala zimakana kugwira thabwa."

"Nanga mudzi wathu dzina lake ndi chiyani?"

Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, milomo ikugwedera. Kenako anandigwira dzanja.

"Ndinakuuzani," anatero. "Ndinkakuuzani tsiku lililonse."

Ndili ndi manyazi, abale. Inu amene makolo anu akadali ndi mutu, mukudikira chiyani osawafunsa?