Tsiku limene tinakankha V8 ya bambo

Fungo la petulo m'galaja mwanga lero landikumbutsa chigalimoto chakale cha V8 chimene bambo anagula titangosamukira kunja kwa dziko lathu, ku Armadale. Lamlungu lina chinakana kulira.

"Tsikani mukankhe, ngati kwathu!" anatero bambo.

Ine ndi amayi tinakankha, phula likutentha m'nsapato za kutchalitchi, diresi langa loyera litada ndi oyilo. Tinadutsa nyumba zisanu, chili zii.

Mzungu wina amene ankathirira maluwa anabwera n'kuuza bambo kuti galimoto ya otomatiki siilira pokankha. Bambo anathokoza mwaulemu, n'kudikira kuti achoke.

"Akudziwa chiyani ameneyu? Kankhaninso!"

Amayi anapukuta thukuta ndi chitenje, n'kutsekula chitseko cha bambo.

"Tsikani mukankhe ndinu. Chiwongolero ndigwira ine."