Che Petulo ndi Nyale ya Amayi Anga

Nthawi inali isanakwane seveni koloko m'mawa, koma Che Petulo anali atatuwa kale ndi fumbi la njerwa. Ankagoba khoma la pabalaza ndi tchizulo kuti aikemo mapaipi a mawaya, amisiri a pulasitala asanabwere. Ine ndinafika ndi tiyi, mwana wanga Nadia ali kumsana.

"Ikani pansi tiyiyo, amake Nadia," anatero. "Lero mmisiri ndinu. Senzani beseni ilo, mulowe ngati munasamukira kale."

Nyumbayo tinkamanga pamudzi pathu, kufupi ndi boma la Mangochi. Amuna anga, a Ahmad, amagwira ntchito ku Joni, ndipo pafoni anali atanena pokhala TV ndi pokhala filiji. Che Petulo anavomera, koma anati zotsalazo amazidziwa ndi munthu amene amaswera m'nyumba.

Ndinasenza beseni n'kulowa. Anandifunsa dzanja limene latsala lopanda kanthu, ndipo pamene ndinagwira khoma analembapo ndi khala kuti swichi ikhale pomwepo. Anandifunsa positira zovala, pamene ndimaika foni pogona, ndiponso pamene ndidzaike ndowa za madzi, kuti soketi ya kukhitchini italikire. Masoketi ena anawakweza chifukwa Nadia anali atayamba kukwawa. Nditanena kuti soketi imodzi pachipinda ikwana, anaseka.

"Khoma lamaliseche sililira mukamaligoba. Koma mukadzapaka penti, wolira mudzakhala inu."

Titafika kuchipinda chakumapeto, ndinangoti chilili. Chimenecho chinali cha amayi anga, amene onse amawatchula Abiti Sumani, ndipo iwo anali atakanitsitsa kudzagonamo. Maso awo sakuonanso bwino. Kanyumba kawo kaudzu kankadontha, ndipo dzinja lapitalo anaterereka m'bandakucha popita kukatawasa, kusamba kuja timachita tisanaswali. Bondo linatupa mwezi wonse. Ine ndinkafuna asamuke mvula isanagwe, koma iwo ankaopa magetsi. Anaonapo mayi wina wogulitsa nsomba atagwidwa ndi filiji, manja ali onyowa.

"Ine manja anga amanyowa kasanu patsiku," ankatero. "Mukufuna mudzandipeze nditamatirira kukhoma?"

Nditawafotokozera Che Petulo, anapukuta manja n'kufunsa kumene amayi anali.

Che Petulo kwawo ndi ku Nkhudzi. Ali mnyamata ankapha usipa, ndipo ntchito yake inali yosunga nyale m'bwato laling'ono kuti nsomba zisonkhane, anzake n'kuzungulira ndi khoka. Utsi wa palafini unawapatsa chifuwa, choncho anatsika m'bwato n'kuyamba kunyamulira zida mmisiri wina amene ankaika magetsi m'malo ogona alendo. Mayeso a ntchitoyi analephera koyamba, kachiwiri ndiye anakhoza. Izi amanena okha, osachita manyazi. Ndi Mkhristu, akazi awo a Benedicta amaimba kwaya, koma m'nyumba za Asilamu sagwira ntchito masana a Lachisanu ngakhale musawauze. Vuto lawo ndi kukonda shuga. Akafika pakhomo, mubise paketi.

Amayi tinawapeza akusenda chinangwa. Che Petulo anakhala pansi n'kuwalonjera m'Chiyao chawo chokhotakhota.

"Chiyao chimenechi munatola kuti, bambo?" anafunsa amayi. "M'khoka?"

"M'khoka momwemo, amayi, chosakanikirana ndi ndere. Tandionetsani mmene mumayendera m'mawa popita kubafa."

Amayi anang'ung'udza, koma anadzuka. Dzanja lamanja anatenga ketulo ya madzi, lamanzere ndodo, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Mwaona, amake Nadia?" anatero Che Petulo. "Ngakhale akanakhala osaopa, dzanja lachitatu logwirira swichi alibe. Awa tiwaikira nyale yoyaka yokha munthu akamabwera. Sadzakhudza kanthu."

"Nanga magetsi akathima?" anafunsa amayi.

"Ili ndi batire m'mimba mwake. Imadya magetsi akakhalapo, n'kumasunga."

Amayi anangobwerera kuchinangwa chawo. Ine ndinaona kuti zimenezo zinali bwino kuposa kukana. Tsiku lomwelo Che Petulo anagoba njira ina ya paipi, kuchokera kuchipinda cha amayi, kudutsa m'kolido mpaka kukhonde la kuseri ndi kubafa.

Magetsi analumikizidwa kutentha kuli pachimake, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a ku Namwera. Che Petulo anabwera chakumadzulo kudzayesa nyale zija. Amayi anaima pakhomo la kuseri ndi ndodo yawo. Asanaponde n'komwe, mbuzi ya aneba inadutsa pabwalo, nyale n'kuyaka ngwee!

"Nyale yopanda ulemu," anatero amayi. "Mbuzi ndi munthu ikulonjera chimodzimodzi."

"Wolakwa ndi mutu wangawu, amayi. Ndailozetsa patali."

Anakwera pamakwerero n'kuiweramitsa kuti iyang'ane njira yokha. Kenako amayi anayenda, ndipo nyale ya pakhonde inayaka. Anabwerera, n'kuyesa kuizembera chammbali mwa khoma. Inayakanso. Ine ndinayamba kuthokoza Mulungu chamumtima. Koma atafika kubafa, nyale ya mmenemo itayaka, amayi anatuluka msanga kuposa mmene ndinawaonerapo chaka chonse.

"Yadziwa bwanji kuti ndalowa?"

"Ili ndi kadiso ako, pamwambapo," ndinayankha ine, osaganiza.

"Diso? M'bafa? Hidaya mwana wanga, unaleredwa ndi ndani iwe? Ine ndizivula mpango pali diso? Mwinanso apongozi anga azindionera pafoni ku Joniko!"

Anatenga ketulo yawo n'kulunjika kukanyumba kawo kaudzu. Mawu amodzi okha, ndinali nditagumula ntchito yonse.

Che Petulo sanaseke. Anawatsatira n'kukhala pansi pakhomo.

"Amayi, udzudzu umakupezani mumdima. Kodi umakuonani?"

"Umamva kutentha kwa thupi."

"Ndi kameneka chimodzimodzi. Kamangomva kuti padutsa chofunda. Nkhope sikaiona, chithunzi sikajambula. Koma mwanena zoona, bafa ndi malo aulemu. Ndikachotsamo. Ndikaika panja pa chitseko, kuti kaziyatsa nyale ya m'kati inu musanalowe, iko n'kutsala kunja ngati mwana wamwambo."

"Ndione ndi maso anga mukukachotsa."

"Maso omwe akuti sakuonawo?"

"Zamanyazi amaona," anatero amayi.

M'mawa mwake anaboola khoma limene tinali titapaka kale penti, pamwamba pa chitseko cha bafa. Wolira ndinali ine, monga ananenera. Chigamba cha simenti chilipobe mpaka lero. Amayi anakhala pampando kuyang'anira mpaka kadiso katatuluka panja, kenako anapapasa khoma la m'kati ndi ndodo kuti atsimikize.

Anasamuka Loweruka, mvula yoyamba inagwa sabata yotsatira. Tsopano adhana ikamveka kumzikiti m'bandakucha, ndimamva ndodo ikugogoda m'kolido, kuwala n'kulowa pansi pa chitseko changa, ndipo sindidzukanso ndi mantha. Amayi amauza anzawo kuti nyumba yawo imawadziwa. Swichi sanaikhudzepo ngakhale kamodzi.

Che Petulo anadutsa tsiku lina ali panjinga, mawaya ali paphewa, akupita kuntchito ina. Anamwa tiyi, shuga masupuni osawerengeka, kenako anayenda njira yonse ya amayi kuchokera kuchipinda mpaka kubafa, akuyang'ana m'mwamba. Pakhonde anaima n'kuchotsa ulusi wa kangaude ndi chala.

"Amake Nadia, ndikupempheni chinthu chimodzi. Akangaude amakonda pofunda, ndiye fumbi la mwera mukulidziwa. Lachisanu lililonse mukamasesa, muzikwera pampando mupukute timaso timeneti ndi kansalu kouma. Mayi aja anasiya kuopa chifukwa anakhulupirira mawu anga. Isadzawakane nyale tsiku lina ali pakati pa njira."