Nyumba Imene Anandipatsa ku Chulu

Nditamaliza maphunziro a zaulimi ku koleji ndinakhala kwathu ku Nkhamenya miyezi isanu ndi iwiri, dipuloma ili m'sutikesi. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba ambirimbiri koma yankho silinabwere. Azimayi a kutchalitchi akandiona ankafunsa kuti, "Kodi simunapitebe?" Chaka chimenecho mayi anga anaima masiku atatu pamzere wa feteleza wa makuponi, ine ndili pambali pawo kudikira kuti ndiwasenzere thumba.

Mu Febuluwale alamu anga anamva kuti esiteti ina ya fodya ku Chulu ikufuna munthu woyang'anira ntchito yothyola ndi kusankha fodya. "Ndi ya miyezi isanu yokha," anatero, "koma nyumba akupereka." Mawu akuti nyumbawo ndi amene anandikoka. Ndinkafuna chitseko changachanga, kutali ndi mafunso.

Amanijala anangoyang'ana mapepala anga kamodzi n'kuitana akapitawo kuti akandionetse pogona. Tinadutsa tinyumba taudzu ta matenanti mpaka tinafika pa nyumba yamalata ya zipinda ziwiri, yosesedwa bwino. Kuseri kwake kunali maungu atayanga mpaka pakhoma. Ndinasangalala moti sindinafunse chilichonse.

Ntchito inandivuta. M'mabuku fodya ndinkamudziwa, koma ndikagwira tsamba m'manja sindinkazindikira ngati lakhwima. Amene ankandipulumutsa anali bambo ena aatali, tenanti wochokera ku Mulanje. Ankabwera pafupi ngati akudutsa, n'kunena chapansipansi kuti, "Madamu, munda uwu tiupatseko masiku awiri." Ine ndinkatembenuka n'kulamula mokweza ngati nzeruzo ndi zanga. Ndinkadziwa kuti ena akuona, ndipo mtima wanga sunkakhazikika.

M'mawa wina ndinapeza mayi wina, mwana ali kumsana, akuthyola nkhwani kuseri kwa nyumba yanga. Anandilonjera mwaulemu n'kupitiriza kuthyola. Patapita masiku awiri anabweranso, osapempha. Ndinaganiza kuti andiderera chifukwa ndine mtsikana. Ndinakauza akapitawo kuti pali mayi amene akumaba ndiwo pakhomo panga.

Akapitawo sanachedwe. Masana omwewo, anthu onse ndi ana omwe ali m'chigafa kusoka fodya, anawaitana mayi aja n'kuwaimika pakati.

"Iwe, pakhomo pa Madamu ukufunapo chiyani? Ukufuna ndikukweze lole ubwerere kwanu?"

Mayiwo anagwada pa dothi, mwana akulira kumsana. "Pepani Madamu, sindidzabwerezanso."

Ndinati chabwino, n'kumva ngati ndakula. Bambo aatali aja anali pomwepo. Sanadzutse mutu, anangopitiriza kusoka.

Loweruka ku mjigo ndinakumana ndi akazi a akapitawo. Anandithandiza kusenza ndowa, kenako anati, "Koma inu, nkhani ija simukuidziwa eti?"

"Nkhani iti?"

"Nyumba mukukhalayo ankakhalamo ndi mayi munawanenera aja. Zaka zitatu. Amuna awo ndi aatali aja. Anawatulutsa Lolemba, inu mwafika Lachitatu. Maungu aja anadzala ndi iwo."

Sindikumbukira mmene ndinafikira kunyumba. Ndinatula ndowa n'kupita kukafunsa kumene banjalo likukhala. Anandilozera kumapeto kwa chigafa chakale. Anali atatchinga ndi masaka ndi mapepala apulasitiki, pamwamba pawo fodya wosauma akulendewera. Fungo lake linkatsamwitsa. Ana atatu anakhala pamphasa, wamng'ono akutsokomola. Mayi aja atandiona anaimirira msanga n'kundiyalira chitenje pa njerwa kuti ndikhalepo. Zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

"Mayi, ndalakwa. Sindimadziwa."

"Ayi Madamu, si vuto lanu. Nyumba ndi ya abwana."

"Koma ndinakunenani kuti ndinu wakuba."

"Chimene chinandiwawa n'chakuti ana anga anamva," anatero.

Lolemba ndinapita kwa amanijala kukapempha kuti banjalo libwerere m'nyumbamo, ine andipezere pena. Anaseka. "Pena pake pati? Munafuna ntchito yokhala ndi nyumba, takupatsani. Ngati simukuifuna, pali anyamata awiri amene anasiya makalata awo pano."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinanyamula sutikesi yanga. Sindinatero. Ndinaganiza za ku Nkhamenya, za mafunso aja, ndipo ndinati, "Zikomo bwana," n'kutuluka.

Ndinayesa kuwauza bambo aja kuti ana azigona m'chipinda chinacho, popeza chinali chopanda kanthu. Anakana mwaulemu. Anati akapitawo akamva adzati iwo ndi amene akundituma kukadandaula, ndiye mavuto adzachuluka. Ndinawauza mayi aja kuti azibwera kudzathyola ndiwo zawo. Anavomera, koma sanapondenso pakhomopo. Ndikathyola ndekha n'kuwapititsira, ankalandira ndi manja awiri n'kuthokoza ngati ndawapatsa mphatso.

Nthawi yosankha fodya itafika, bambo aja anapitiriza kundithandiza monga kale. Ankandionetsa kusiyanitsa tsamba lofiira ndi lakhofi, kundiuza fodya amene wanyowa kwambiri kuti asalowe m'belo. Tsiku lina ndinanena pamaso pa anthu kuti zonsezi akundiphunzitsa ndi iwo. Anaoneka kuti sizinawasangalatse. Pambuyo pake anandipempha kuti ndisamawatchule, safuna kuonekera.

Mu Julayi ntchito inatha. Banjalo linakwera lole kupita ku esiteti ina ku Mchinji, ine ndili ku ofesi, moti sitinatsanzikane. Amanijala anandilembera kalata yondiyamikira, yonena kuti ndimamudziwa bwino fodya. Kalata imeneyo ndiyo inandipezetsa ntchito yokhazikika ku Lilongwe chaka chotsatira. Pondifunsa mafunso anandiuza kuti ndifotokoze zimene ndinaphunzira ku Chulu. Ndinafotokoza za masamba, mitundu yake ndi kaumitsidwe kake, ndipo ananditenga.