Lole Yanga Sinanyamule Maliro a Achimwene

Inu owerenga, ine ndinapha ntchito ya achimwene anga ndi pakamwa pangapa. Dzana ndinamva pawailesi kuti kumaiko ena akufuna kulanda makampani a sitima zapamtunda chilolezo chopangana mitengo ndi chophatikizana kukhala kampani imodzi. Ndinatseka wailesiyo misozi ikulengeza, chifukwa zimene akufuna kuletsazo ndi zomwe ine ndinachita kuno ku Salima. Kungoti ife zinali za malole.

Tinalipo anthu asanu onyamula mpunga kuchokera ku Lifuwu kupita kuboma. Wachisanu ndi chimodzi anali achimwene anga a bere limodzi, amene anandiphunzitsa kugwira chiwongolero. Iwo aja anali ndi mtima wawo. Mlimi akadandaula, ankamutsitsira mtengo. Pamudzi pakagwa zovuta, ankatsitsa matumba n'kukanyamula maliro ulere, mafuta awoawo. Alimi ankalolera kudikira lole yawo yakuthayo, zathu zili chiimire pamsewu. Ndisaname, zinkandiwawa.

Tsiku lina asanufe tinakumana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteshoni. Mkulu wina amene tinamusankha kukhala tcheyamani analoza njanji nati, “Mwaiona iyo? Ilipo imodzi. Munamvapo munthu akunenerera mtengo wa sitima?” Tonse tinaseka. Tinapangana mtengo umodzi, wina asatsitse. Posakhalitsa tinaphatikiza malole onse kukhala a bungwe limodzi, makiyi kwa atcheya, kunyamuka motsata mzere.

Anandituma ine kuti ndikakope achimwene. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, “Mng'ono wanga, anthu ukufuna kuwafinyawo ndi omwe anakumba manda a mayi athu.” Ine ndinangoti asa, chifundo sichigula matayala, n'kumapita.

Apa ndiye pamene ndinachimwira. Ndinakaulula kubungwe kuti injini ya achimwene yatopa, singapirire chaka china popanda kukonzetsa. Ndinawapangira nzeru yoti pa nyengo yokolola titsitse mtengo kwambiri, tiluze dala, mpaka iwo agwe. Ndinawonjezanso lamulo langalanga, lakuti lole ya bungwe isachoke pamzere chifukwa cha maliro, ngakhale atakhala a ndani. Ndinkati zonyamula malirozo ndi nyambo chabe yokopera alimi. Anandiwombera m'manja, ine mutu kukula.

Zinayenda monga ndinanenera. Mlimi ndi munthu wosauka, sungamunene, anathamangira kotchipa. Lole ya achimwene inaima, kenaka inagulitsidwa kwa ophwasula. Mwezi womwewo ife tinakweza mtengo kuposa kale, ndipo alimi analibenso kolowera. Achimwene, bambo wa imvi, anayamba kukoka makoka a anthu ena kunyanja. Tikakumana panjira ankandipatsa moni ngati palibe chachitika. Abale inu, bola akanandilalatira.

Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, ndipo anamwalira kuchipatala cha kuboma tsiku lina m'mawa. Alamu anga, akazi awo, anandipeza padepoti ya bungwe lathu maso ali psuu. Anangopempha kuti thupi lifike kumudzi.

Ndinathamangira kwa atcheya kukatenga makiyi. Lole yanga inali itapakira kale mpunga ku Lifuwu, ikudikira kunyamuka, ndipo zinazo zinali pamzere. Ndinati titsitse matumbawo, ndi achimwene anga awa. Atcheya anandipepesa bwinobwino, kenaka anati, “Koma lole si yanunso, bambo, ndi ya bungwe. Ndipo lamuloli munabwera nalo ndinu.” Ndinagwada, inu, munthu wamkulu ine, pafumbi anthu akuona. Anzanga aja anangoyang'ana kumbali.

Amene anatithandiza ndi mayi wina wogulitsa nsomba, amene achimwene anamunyamulirapo maliro a mwana wake. Anatsuka kagalimoto kake, nayalamo mphasa. Achimwene anga, amene ananyamula maliro a midzi yonse ija, anapita kwawo m'galimoto yonunkha usipa, miyendo ya ife operekeza ikulendewera kunja.

Titafika, anthu anali ataika kale masamba pamsewu monga mwa mwambo, kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Ndili chikhalire pasiwa, ndinamva kulira kwa injini imene ndimaidziwa ngati mawu a mwana wanga. Inali lole yanga, yodzaza mpunga. Inachepetsa liwiro pamasamba paja, n'kupitirira. Alamu anatukula mutu nanena motsitsa, “Alamu, lole yanu ija yadutsa.” Palibe anandinyoza tsiku limenelo, koma mawu amenewo sanandichokebe m'makutu.

M'bungwemo ndinatuluka, lole ndinaisiya momwemo. Sindingathe kuikweranso.

Inu amene muli ndi malole, maboti, njinga za kabaza, kaya mabenchi pamsika, ndikukupemphani. Anzanu akakuitanirani pambali kuti mupangane mtengo ndi kugwetsa amene wakana, funsani kaye kuti wogwayo ndani, ndipo olira mawa ndani. Kugwirizana n'kwabwino, koma osati kotsekera anthu njira zonse. Musapereke makiyi anu kwa munthu, ndipo musaike lamulo limene simungalipirire likakugwerani. Ine langa linadikira zaka ziwiri zokha, n'kundipeza nditagwada, achimwene ali gone m'chipatala opanda chowanyamula.