Kanyundo ka Mlamu Wanga

Mlamu wanga, mng'ono wa malemu bambo a kunyumba, amadziwika padoko ndi dzina loti a Kanyundo. Munthu akafuna kugula boti lakale amayamba waitana iwo. Amafika ndi kanyundo kakang'ono, nakwawira pansi pa boti, n'kumagogoda thabwa lililonse khutu lili tcheru. Thabwa lamoyo limayankha mouma, lowola limangoti phu.

Poyamba anali kalipentala wa mipando. Ntchito ya maboti anaiphunzira titaika maliro a akulu awo.

Amuna anga anagula boti kwa munthu wina amene tonse timamutchula kuti a Mapenti. Panalibe woti awayang'anire. Atafunsa ngati matabwa anali olimba, a Mapenti anasisita m'mbali mwake n'kunena kuti aone okha kukongola kwa penti yake. Pansi pa pentiyo panali phula lomatira zowola. Botilo linatseguka pakati pa madzi, ndipo amuna anga anabwera nawo kunyumba atawakulunga m'lona.

Kuyambira pamenepo mlamu sanalankhulepo ndi a Mapenti. Koma aliyense wofuna kugula boti kwa iwo, mlamu ankapita ngakhale sanaitanidwe, n'kugogoda mpaka wogula atatembenuka. Malonda a munthu uja anafota. Ine ndinkachapa ovololo ya mlamu, n'kumawakumbutsa mwaulemu kuti kubwezera n'kwa Ambuye. Iwo ankangoti Ambuye ndi amene anawapatsa makutu.

Chaka chatha mwana wamwamuna wa a Mapenti, mmodzi yekhayo, anafuna kugula kwa munthu wina boti lakale lonyamulira anthu. Bambo ake, podziwa zimene penti imabisa, sanafune kuti mwanayo akwere chinthu chosayesedwa. Woyesa wina padoko panalibe. A Mapenti anabwera pakhonde pathu chipewa chili m'manja, ndipo mlamu anavomera.

Tsikulo nanenso ndinapita, ndinaima chapatali. Mlamu anagogoda kuyambira kumutu mpaka kumbuyo. Atafika pamsana pa boti, pathabwa la pansi penipeni, anaima, nagogodanso pomwepo, n'kugunditsapo khutu. Kenako anatuluka, napukuta kanyundo pa ovololo.

A Mapenti anafunsa ngati linali lolimba.

"Taonani nokha kukongola kwa penti yake, achimwene," anatero mlamu, n'kumapita.

A Mapenti anawatsatira mpaka kumsewu akuwapempha, koma sanamvenso liwu lina.

Mnyamata uja, poti ndi wamakani, anagulabe botilo. Bambo ake analimanga ndi tcheni pamtengo, kiyi n'kumangirira m'chiuno mwawo. Akhala akukangana mpaka pano sadyerana mbale imodzi. Botilo lili pamtunda, dzuwa likulisenda penti. Ndikamapita ku mapemphero a m'mawa ndimawapeza a Mapenti atagwada pansi pake, akugogoda ndi mwala. Sadziwa chimene akumvera. Ndimawapatsa moni, chifukwa moni sitimana munthu.

Tsiku lina ndikusita, ndinawafunsa mlamu chimene anamva pamsana paja. Ndinati ngati pali chowola, mwana uja alibe mlandu.

"Mlamu, musade nkhawa ndi mwanayo," anatero. "Chiyambire ntchitoyi sindinagogodepo boti lolimba ngati lija."

Ndinapinda ovololo n'kuwapatsa. Sindinauze munthu, ndipo mawa ndidzadutsanso padoko.